Muzu wowawa sitiuzula ndi mawu oti "zisiyeni"

Aliyense amene analimapo chimanga pamunda woguga amamudziwa kaufiti. Kaudzu kaja ka maluwa ofiira, kamene ukangokaona katatulukira pamzere umadziwiratu kuti chaka chino nkhokwe sidzadza. Chopweteka ndi kaufiti n'choti pomwe ukumuona ndi maso amakhala atamaliza kale ntchito yake. Njere imamerera pansi, n'kukamatirira ku mizu ya chimanga, n'kumayamwa madzi ndi chakudya kwa masabata angapo iwe ukungodutsa pamwamba kumadabwa kuti chimangachi chikupinimbira bwanji, masamba akufota ngati kuli ng'amba pamene mvula ikugwa bwinobwino. Njerezo n'zazing'ono ngati fumbi, kamtengo kamodzi kamabereka masauzande ambirimbiri, ndipo zimatha kugona m'dothi zaka zoposa 10 kudikira tsiku limene udzadzalenso chimanga.

Ndikawerenga Ahebri 12:15, pamene akutichenjeza kuti pasaphuke muzu wowawa umene ungativute n'kudetsa anthu ambiri, ine ndimaona kaufiti. Vesi imeneyi ndimaikhulupirira ndi mtima wonse chifukwa muzuwo unamera mwa ine ndipo unabala. Koma mmene timailalikira m'matchalitchi mwathu ndiye ndili napo pakamwa. Nthawi zambiri timaitenga ngati chikwapu chomenyera munthu amene walakwiridwa kale kuti atseke pakamwa, wolakwa uja ali phee pa benchi yakutsogolo akuvomera ameni.

Bambo anga anamwalira mu 2004 ine ndili fomu 2. Tisanachotse n'komwe masamba a maliro pamsewu, bambo aang'ono ndi azakhali anali atayamba kale kuwerenga katundu. Njinga inapita, wailesi inapita, malata 24 amene bambo anagula kuti adzafolere nyumba yatsopano anapita, puloti inagulitsidwa. Koma chimene chinawathyola amayi ndi makina osokera a Singer, chifukwa amenewo anali awo, anagula ndi ndalama za mandasi, ndiye poti risiti inalembedwa dzina la bambo, anati ndi chuma cha malemu. Makina amenewo ndi amene akanatilipirira fizi.

Amayi anapita kwa mkulu wina wa mpingo, munthu amene ankasonkhana mpingo umodzi ndi bambo aang'onowo, Lamulungu lililonse kuonana. Anawamvetsera, anapemphera nawo, kenako anati "mayi, zisiyeni m'manja mwa Mulungu, musasunge muzu wowawa mumtima, paja ndinu mayi wa mapemphero." Basi. Palibe anapita kukagogoda kwa bambo aang'ono. Amayi anamvera, anakhala chete, akakumana pamsewu ankagwada bwinobwino n'kupereka moni, "mwadzuka bwanji alamu, ana ali bwanji kunyumba", pamaliro kuphika nawo, paukwati kuvina nawo. Anthu ankawayamikira kuti mayi uyu ndi wokhululuka zedi. Koma usiku tikamadya nsima ya ndiwo zamasamba zopanda mafuta, nkhani inali ya makina. Tikabwezedwa kusukulu, makina. Mvula ikamadontha m'nyumba, malata 24. Sankatiuza kuti tidane ndi munthu ayi, ankangokumbukira mokweza, ife ana anayi tikumeza limodzi ndi nsimayo.

Zotsatira zake ndi izi. Mu 2016 ndili pantchito, mwana wamkazi wa bambo aang'ono, mlongo wanga ameneyu, mwana amene nthawi ya maliro ija anali akuyamwa, anandiimbira foni kuti achimwene ndasankhidwa kupita ku sekondale koma kunyumba zavuta, mungandithandizeko ya teremu imodzi. Ndalama ndinali nayo. Ndinamuyankha mwaulemu kuti pepa mwezi uno zinthu sizili bwino, ndipo nditadula foni ndinamva kukoma mumtima. Kukoma kumene kuja ndiye tchimo limene ndikunena. Ndinanama, ndinamana mwana wosalakwa, ndinasangalala ndi kuvutika kwake, Lamulungu lake ndinakadya mgonero osamva kanthu. Mwana uja anakhala pakhomo chaka chonse. Paja amati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, kwathu zinatembenuka, anadya ndi akulu koma anapotokola ndi mwana.

Nde munthu asandiuze kuti kuwawidwa mtima ndi kankhani kakang'ono ka maganizo. Kumabala bodza, kaduka, miseche, nkhanza, mpaka kupha kumene. Kaini anayamba ndi kugwa nkhope basi, Mulungu anamufunsa chifukwa chake nkhope yagwa n'kumuchenjeza kuti tchimo lamubisalira pakhomo, iye osayankha kanthu, mawu ake otsatira anakalankhula kwa Abele ndipo mapeto ake anali kumunda. Esau pa Genesis 27:41 ananena mumtima mwake kuti masiku a maliro a bambo ayandikira, akadzatha ndidzamupha Yakobo. Mumtima mwake, taonani pamenepo. Ngakhale izi zolozana ufiti zimene zatizunza m'midzimu, ukafukula bwino kawirikawiri umapeza pansi pake pali nkhani ya malire a munda kapena chuma cha masiye imene sinakambidwe. Mchemwali wanga, mng'ono wathu atadwala, mawu ake oyamba anali oti "ndi omwe aja, sanakhutire ndi malata." Mwamwayi zinathera m'nyumba. Ku Neno mu Januwale 2016 kulozana kotereku kunathera m'manda, okalamba anayi anaphedwa powaganizira kuti anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana, chikhalirecho lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lakhala lilipo kuyambira 1911.

Pamenepa ndikugwirizana ndi abusa onse amene amalalikira kuti kuwawidwa mtima ndi muzu wa machimo. Pomwe tikusiyana ndi pa funso loti muzuwo amauthirira ndani.

Tatsegulani 2 Samueli 13. Amnoni mwana wa mfumu Davide wagwirira Tamara mlongo wake, kenako wamuthamangitsa n'kutseka chitseko. Tamara wang'amba chovala, wadzithira phulusa, akuyenda akulira mokweza, sakubisa. Akumana ndi Abisalomu mlongo wake wa bere limodzi, ndipo mawu amene Abisalomu akumuuza pa vesi 20 ndi omwe aja timawamva m'makomo mwathu mpaka lero, khala chete mlongo wanga, ndi mlongo wako ameneyu, usaziike kumtima. Tamara anakhaladi chete, Baibulo likuti anakhala wosungulumwa m'nyumba ya Abisalomu. Davide atamva anakwiya kwambiri, koma mukafufuze chimene anachita, simuchipeza. Bambo wa banja, woweruza wa dziko lonse, sanaitane bwalo, sanamuyendere Tamara, sanamulange Amnoni. Ndipo vesi 22 ikuti Abisalomu sanalankhule ndi Amnoni chabwino kapena choipa. Kunja kumaoneka ngati pabanja pali mtendere. Patapita zaka 2 zathunthu anakonza phwando lometa nkhosa, anaitana ana onse a mfumu, Amnoni atakhuta vinyo anyamata anamukantha.

Sizinathere pomwepo. Abisalomu anathawira ku Gesuri zaka 3, atabwerera anakhala mu Yerusalemu zaka zina 2 osaona nkhope ya bambo ake, mpaka anachita kutentha munda wa barele wa Yoabu kuti wina amumvere. Zaka 7 bambo ndi mwana osakhala pansi kukamba chimene chinachitikira Tamara. Atakumana, Davide anangomupsompsona, nkhani osaikhudza. Mwana wake wamkazi Abisalomu anamutcha Tamara, kusonyeza kuti bala linali likadali laliwisi. Ndiye chimene chimandiliza ine chili pa chaputala 16, munthu yemweyu amene moyo wake unasweka chifukwa mlongo wake anagwiriridwa, atalanda ufumu anamanga hema padenga la nyumba n'kugona ndi akazi aang'ono a bambo ake, amene Davide anawasiya 10 kuti asunge nyumba, Aisiraeli onse akuona. Chinthu chomwe chinamuwawa chija anakachichita kwa akazi ena osalakwa. Pa nkhondo ya m'nkhalango ya Efraimu panafa anthu 20,000. Aunyinji kudetsedwa ndi muzu umodzi ndi kumeneku.

Abisalomu ndi wolakwa, sindikumuchotsera. Pa nkhani ya Amnoni anali ndi chifukwa chomveka chokwiyira, koma chifukwa chomveka sichinamuteteze kuti asasanduke chilombo, monganso ine malata 24 sanandipatse ufulu womana mwana fizi. Koma tikamalalikira Abisalomu yekha n'kumudumpha Davide ndiye kuti tikuzula maluwa a kaufiti n'kusiya njere m'dothi.

Ndipo Ahebri 12:15 yomweyo mukaiwerenga modekha muona kuti sakulankhula kwa munthu mmodzi wovulala. Akulamula mpingo wonse kuti uziyang'anira, mawu ake m'Chigiriki ndi a banja limodzi ndi mawu amene tinatengako dzina loti episkopi, woyang'anira. Wolembayo akubwereza mawu a pa Deuteronomo 29:18, ndipo kumeneko muzu wobala ndulu ndi chowawa ndi munthu amene wapatuka kusiya Mulungu koma akudzidalitsa mumtima kuti ndidzakhala ndi mtendere ngakhale ndiziyenda mouma mtima. Tamvani bwino. Munthu wolanda katundu wa amasiye n'kumaimba kwaya mwamtendere akufanana kwambiri ndi muzu umenewu kuposa mayi wamasiye amene akulira. Mkulu wa mpingo uja vesi anaipeza yolondola, koma anaiwerengera munthu mmodzi yekha pa anthu awiri amene ankayenera kuimva, ndipo anasankha wofooka.

Ife Amalawi timanyadira kuti ndife anthu aulemu, ofatsa, ndipo ndi zoona, ndi chinthu chabwino. Koma ulemu wathuwu uli ndi mbali ina. Munthu akakupondani mumati palibe kanthu. Akakufunsani ngati mwakhumudwa mumati ayi zili bwinobwino. Mkazi wapabanja akadandaula amauzidwa kuti banja ndi kupirira. Mwana akanena zimene amalume amuchita amauzidwa kuti usatichititse manyazi. Timasokoneza kukhala chete ndi kukhululuka, pamene makolo athu omwe ankadziwa kuti mlandu suola, n'chifukwa chake anaika ankhoswe, eni mbumba ndi bwalo la amfumu kuti nkhani izituluka izikambidwa. Baibulo nalo silinanene kuti meza. Levitiko 19:17 ikuti usamude mbale wako mumtima mwako, umudzudzule ndithu, kuti usasenze tchimo chifukwa cha iye. Vesi yotsatira ndi imene ikuletsa kubwezera ndi kusunga chakukhosi, n'kumalizira ndi lamulo lotchuka lija lokonda mnzako monga udzikonda wekha. Kudzudzula kwabwera poyamba, ngati njira yoti chidani chisakhazikike. Yesu pa Mateyu 18:15 akuti mbale wako akakuchimwira pita ukamuuze muli awiri, akakana tenga mmodzi kapena awiri, akakanabe uuze mpingo. Pa Mateyu 5 akutembenukira kwa wolakwayo, kuti ukakumbukira uli paguwa kuti mbale wako ali nawe chifukwa, siya mtulo wako pomwepo uyambe wakayanjana naye. Ndi liti munamvapo mpingo ukuuza munthu kuti bambo, envelopu yanu ya chakhumi ibwerere kaye, mukabweze makina a mlamu wanu?

Ndikudziwa ena anena kuti iwe ukulimbikitsa anthu kukhala okonda milandu, kukhululuka kwenikweni sikudikira kuti wolakwa apepese, Yesu pamtanda anakhululukira anthu amene sanapemphe. Zoona zimenezo, ndipo sindikunena kuti munthu agwire chakukhosi mpaka atalipidwa. Pali olakwa ena anamwalira, ena sadzavomera mpaka kalekale, ena ndi oopsa moti kuwayandikira n'kudziika m'mavuto. Aroma 12:19 ikutiuza kusiyira Mulungu kubwezera, ndipo ameneyo ndi katundu amene wolakwiridwa ayenera kutula yekha, palibe angamutulire. Koma kukhululuka kumafuna kuti chinthu chikhale ndi dzina. M'fanizo la kapolo wosakhululuka lija mfumu inayamba yawerengera ngongole, matalente 10,000, isanaifafanize. Ndipo ngongole ya kapolo mnzake uja, madinari 100, timakonda kuinena ngati tambala wachabechabe, pamene dinari imodzi inali malipiro a tsiku lathunthu, ndiye kuti ndi malipiro a miyezi yoposa itatu. Yesu sananamize munthu kuti zimene anakulanda n'zazing'ono. Amayi anga sanapatsidwe mpata wonena kuti anandilanda, ndiye akanakhululuka chiyani poti aliyense ankachita ngati palibe chinachitika?

Onani Hana. 1 Samueli 1:10 ikunena poyera kuti anali ndi mtima wowawa, Penina akumutonza chaka ndi chaka. Anapita ku Silo n'kukhuthula zonse akulira mpaka Eli anamuyesa woledzera, ndipo atamaliza anadya, nkhope yake sinakhalenso yachisoni, mwana asanabwere n'komwe. Naomi atabwerera ku Betelehemu atataya mwamuna ndi ana awiri anauza amayi a m'mudzi kuti musanditchule Naomi, nditcheni Mara, pakuti Wamphamvuyonse wandichitira zowawa. Lero atanena zimenezo pa maumboni tikanamulanda maikolofoni n'kumukonzera delivalensi. Koma Mulungu sanamudzudzule, ndipo mayi ameneyu anadzalera Obedi agogo ake a Davide. Kuwawa kumene kwatulutsidwa pamaso pa Mulungu ndi pa anthu kumakhala ngati chinangwa chowawa chimene anzathu a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota amasenda n'kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka poizoni atatuluka, kenako n'kukhala kondowole wodyetsa banja. Chinangwa chomwecho ukachidya chosaviika chimatha kukugoneka m'chipatala.

Apa ndichenjezenso anzanga a pa foni, chifukwa wina awerenga izi n'kuthamangira kukalemba pa status ya WhatsApp kuti "Mulungu akuona adani anga" kapena kukatukwana azakhali pa gulupu ya banja pali anthu 60 ndi ana omwe. Kumeneko si kudzudzula kwa pa Levitiko, ndi kumwaza njere za kaufiti m'minda ya anthu ena. Mateyu 18 akuyambira pa anthu awiri, maso ndi maso, ndipo cholinga chake n'kumubweza mbale wakoyo. Zovuta kwambiri kuposa kulemba pa Facebook, ndikudziwa, chifukwa pamaso ndi pamaso nayenso amayankha, ndipo mwina umva zako zimene sunkazidziwa. Chimodzimodzi mapemphero aja obwezera moto kwa adani usiku wonse, munthu amatuluka m'menemo mtima utawawa kuposa mmene analowera, dzina la azakhali ake atalitchula ka 50 pamaso pa Mulungu ngati mfiti.

Komanso pali milandu ina yoti siithera pa kupepesana pansi pa mtengo. Mwana akagwiriridwa nkhani ndi ya kupolisi, ndipo mayi amene wakanena sanachimwe, sanasunge muzu wowawa, wachita chimene Davide analephera. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011, mayi wamasiye ali ndi ufulu wopita kwa DC kapena kukhoti, ndipo akhoza kutero mtima wake uli woyera, akumupempherera mlamu wakeyo. Mpingo umene umamuletsa m'dzina la kukhululuka ukumuphunzitsa kuti Mulungu ali kumbali ya wamphamvu, ndipo kuwawa kumene kumabadwa pamenepo kumakhala kowawira Mulungu amene. Ana ambiri amene anasiya tchalitchi mukawafunsa bwino akuuzani tsiku limene anaona amayi awo akutonthozedwa ndi vesi pamene wowalakwira akupatsidwa udindo.

Kwathu zinasintha mu 2021, ndipo sindinayambitse ndine. Amalume, mlongo wawo wa amayi, atadwala anati sindikufuna kukafa nkhani iyi ili chigonere. Anatuma uthenga, anapeza mkulu wina wa kuchimuna, tinakhala pa mkeka kwa bambo aang'ono Loweruka lina masana. Amayi analankhula pafupifupi ola lathunthu, anatchula chilichonse, njinga, wailesi, malata, puloti, masiku amene tinagona ndi njala, mawu akunjenjemera koma osatukwana. Bambo aang'ono, atakalamba tsopano maso akuvuta, poyamba anadziteteza kuti nthawi imeneyo ndi mmene zinkakhalira, kuti nawonso anawononga ndalama pa bokosi ndi transipoti ya maliro, zimene ife sitinkazidziwa ndipo zinali zoona. Kenako anakhala chete nthawi yaitali n'kunena kuti "alamu, pa makina paja ndinalakwa, ndinkadziwa kuti ndi anu." Za puloti sanavomere mpaka lero. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo zaka 17 za umphawi palibe anatibwezera.

Itafika nthawi yanga ndinauza mlongo wanga uja pamaso pa onse kuti tsiku lija unaimba ndalama ndinali nayo, ndinakunamiza dala chifukwa cha bambo akowa. Anandiyang'ana n'kunena kuti "ndinkadziwa achimwene." Mwana uja anakhala nazo zaka 5 osauza munthu, akundipatsa moni mwaulemu pa maliro aliwonse, ndendende mmene amayi ankachitira ndi bambo ake. Muzu unali utayamba kale mwa iye ndipo wodzala ndinali ine. Anali ndi mwana wakhanda kumsana tsiku limenelo, ndipo ndinkangomuyang'ana mwanayo n'kumaganiza kuti akanadzakula akumva nkhani ya teremu imodzi ya fizi pa nsima iliyonse.

Makina anapezeka kuseri kwa nyumba m'kachipinda kosungira makasu, mutu wake wokha, thebulo linadyedwa ndi chiswe kalekale. Tinawanyamula pa kabaza. Telala wina wa pamsika anawatsuka ndi parafini n'kusintha lamba ndi kabotolo ka ulusi, akusoka ndithu ngakhale amadumpha pa nsalu yolimba. Amayi maso awo salola kulowetsa ulusi pa singano masiku ano, ndiye amene amawagwiritsa ntchito ndi mlongo wanga uja, amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu kudzasoka mayunifomu a ana a pulayimale pakhonde pa amayi, ndalama amagawana. Masiku ena amacheza mpaka dzuwa kulowa, masiku ena nkhani ya puloti ikatulukira amayi amalowa m'nyumba n'kukhala kaye okha, kenako amatuluka ndi tiyi wa anthu awiri.